Usiku umene malume anaiwala ndodo yawo

Malume anga atapuma pa uhedimasitala ku Dedza, anapumanso pa zinthu zina zimene boma silinawapumitse. Anasiya kuseka mokweza. Anagula ndodo, chikhalirecho adokotala sanapeze vuto m'maondo mwawo. Zaka zinali 66 zokha, koma mawu a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Ife takalamba, mphwanga." Pobwera kudzatiyendera ku London mu 2023, ukalambawo anaunyamula wonse: jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, kugona 8 koloko kunja kudakali koyera. Nyimbo kwa iwo inali ya kwaya, ndipo tsiku loti asangalale kwambiri ankaika Allan Namoko, motsitsa. Zina zonse linali phokoso.

Ndiye mnzanga wa kuntchito anadwala n'kundipatsa matikiti awiri a KISS, gulu la rock la ku New York lomwe linayamba mu 1973 ndipo linali pa ulendo wotsanzika wotchedwa End of the Road. Tsiku lake linali 5 Julaye, ku O2 Arena. Mkazi wanga anali wausiku kuntchito. Malume anavomera pa chifukwa chimodzi: kutaya chinthu cholipiridwa kale ndi tchimo. Anamanga tayi, n'kuika thonje lotsekera m'makutu m'thumba la jekete.

M'sitima tinakhala moyang'anizana ndi bambo wina wadazi atadzipaka nkhope zoyera ndi zakuda, kamwana kake katajambulidwa ndevu za mphaka. Malume anandinong'oneza, "Kodi ameneyu kwawo kulibe akuluakulu?" Titatsika pa North Greenwich, opaka nkhope anali khamu, agogo ndi adzukulu omwe. Watayi anali mmodzi.

Holoyo imalowa anthu pafupifupi 20,000. Magetsi atazima, chinsalu chachikulu chinagwa, kenako phulu! phulu! moto mbali zonse, kutentha kwake mpaka kutipeza pomwe tinakhala. Oimba anatsika kuchokera kudenga ataimirira pa nsanja zolendewera. Pa kanema wamkulu panaoneka Gene Simmons: nkhope yachiwanda, zovala zachitsulo, nsapato zazitali zokhala ndi mano, lilime lofika pachibwano. Munthu wa ku Dedza sachita kumuuza akaona chilombo. "Uyu ndi gule," anatero malume, "koma gule wandalama."

Thonje linali lidakali m'makutu mpaka pamene Simmons anatenga muuni n'kulavula moto m'mwamba. Apo malume anachotsa la khutu limodzi. "Mnyamata ameneyu ali ndi zaka zingati?" Ndinati 73. "Bodza." Ndinawaonetsa pa foni: anabadwa mu 1949. Paul Stanley, wa nyenyezi padiso uja, yemwe ankavina uku ndi uku pa nsapato zazitali chifuwa chili pamtunda, mu 1952. Aphunzitsi anakhala duu, akuwerenga zala.

Zinazo zinadutsa ngati mphepo. Gitala ya Tommy Thayer inkaombera moto, ng'oma za Eric Singer zinakwera m'mwamba ndi mwiniwake yemwe. Simmons atayamba kuchucha magazi m'kamwa ndinayang'ana malume, ndikuti basi tinyamuka. Iwo ndiwo anandilimbitsa mtima. "Ndi sewero limeneli, mphwanga, usaope."

Koma chinawamaliza ndi Stanley. Anaponda pa mphete yomangidwa ku chingwe, n'kuuluka pamwamba pa mitu ya anthu mpaka pa kansanja kena pakati pa khamu. Ndinangoona mpando wa pambali panga uli mbee. Malume ali chilili, manja m'mwamba, akukuwa m'Chichewa: "Ameneyo ndi mkulu wanga! Zaka zisanu!" Mzungu wa ndevu za mphaka yemwe anali kumanzere kwawo sanamve kanthu, koma anawakumbatira. Pofika nyimbo yomaliza, Rock and Roll All Nite, timapepala toyera tikugwa holo yonse, tayi inali itamangidwa pamutu, ndipo munthu amene kwa zaka zambiri ankalanga ana olongolola m'kalasi ankakuwa mawu amene sankawadziwa n'komwe. Uhedimasitala unabwerako kamodzi kokha, Stanley ataphwanya gitala pansi. "Gitala yabwinobwino! Osapatsa kwaya ya kwathu bwanji?"

Za ndodo tinakumbukira tili kale m'sitima. Inatsala pansi pa mpando. "Isiye," anatero ndi mawu osasa, "ithandize okalamba."

M'mawa mwake anaimbira akazi awo pa WhatsApp atavala sikipa yakuda imene anagula ndi ndalama zawozawo, osadandaula mtengo, n'kuwatulutsira lilime. Mayiwo anangoti kukamwa yasa. "Bambo, akudyetsani chiyani kumeneko?" Atabwerera kumudzi anakonzetsa njinga imene inachita dzimbiri m'khonde, anakwera phiri la Dedza ndi adzukulu, ndipo ku kwaya, ndamva, akuwapempha kuti besi azitsitsako pang'ono.

KISS inamaliza ulendo wake pa 2 Disembala 2023 ku Madison Square Garden. Malume sanalire nthawi yaitali. Amva kuti kuli gulu lina, Iron Maiden, lomwe woimba wake, Bruce Dickinson, amayendetsanso ndege, ndipo andiuza kale kuti tikiti ndigula ndine.