Wosonkhezera Moto wa Sitima Amene Anakalowa m'Nyumba ya Malamulo

Inu a ku Petauke ndi ku Nyimba, kumene njanji sinafike kufikira lero lino, ndifuna ndikukumbutseni kuti Chitaganya chimene makolo athu anachikana ndi mtima wonse chinalimbikitsidwa ndi munthu wa panjanji, Roy Welensky, amene anabadwira mu umphawi ku Salisbury mu 1907. Iyeyu, atasiya sukulu ali ndi zaka 14, nayamba kuponya malasha m'ng'anjo ya sitima, nadzakhala woyendetsa sitimayo ndiponso mtsogoleri wa bungwe la Azungu ogwira ntchito panjanji ku Broken Hill, kumene lero titi Kabwe, anasankhidwa mu 1938 kukakhala m'nyumba ya malamulo ya Northern Rhodesia.

Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Koma iye, ngakhale anadziwa thukuta la wantchito, anatchinjiriza malipiro a Azungu okhaokha, kuopa kuti munthu wakuda angaphunzire ntchitoyo. Anakhala nduna yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956 kufikira pamene chinatha mu 1963. Ine ndimamuyesa munthu wakhama ndithu, koma amene anatumikira mtundu wake wokha.