Kukonza buloko ya injini yowonongeka

Buloko ndi thunthu la injini ya galimoto, momwe muli masilinda ndi njira za madzi ndi oilo. Akaphwasula injini, makaniko amayamba wayeza buloko, chifukwa kumanga zida zatsopano m'buloko yong'aluka n'kungotaya ndalama.

Masilinda okalika amawakulitsa pang'ono, kawirikawiri ndi 0.25 kapena 0.50 mm, n'kuikamo mapisitoni okulirapo. Mng'alu ndiwo umavuta. Nthawi zambiri umabwera injini ikatentha mopitirira muyezo, ndipo wina suoneka mpaka atapopera mpweya m'njira za madzi n'kuona pomwe ukutulukira. Buloko ya cast iron amayamba aitenthetsa asanaiwotcherere, kenako izizire pang'onopang'ono, apo ayi imang'alukanso. Mng'alu ukafika pomwe pamagona crankshaft, ambiri amangofuna buloko ina.