Nyumba Zazikulu za ku Notting Hill

Mlendo woyenda m'misewu ya Notting Hill, dera la chakumadzulo kwa mzinda wa London, amachita kaso ndi nyumba zake. Zambiri ndi zoyera mbee, zosanjikizana kanayi kapena kasanu, zokhala ndi nsanamira pakhomo ndi mazenera aatali ngati zitseko. Kuseri kwa zina kuli minda ya maluwa ndi mitengo, yotsekedwa ndi mpanda, imene makiyi ake amasunga ndi okhala m'nyumbazo okha. Masiku ano nyumba imodzi yotere imagulidwa ndi mapaundi mamiliyoni angapo, chikhalirecho m'zaka za m'ma 1950 munthu wachuma sakanalola kugonamo ngakhale usiku umodzi.

Nyumbazi zinamangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1800, zambiri pa malo a banja la Ladbroke. Omanga ankaganizira za banja lopata lokhala ndi antchito ambiri: wophika m'chipinda cha pansi, atsikana ogona kunsi kwa denga, ndi wina wokwera makwerero onsewo atanyamula malasha kuti akasonkhe moto m'zipinda. Antchito otere atayamba kusowa, eni chuma anasamuka, ndipo nyumba zinadulidwadulidwa kukhala tizipinda ta lendi.

M'tizipinda timeneti ndimo munafikira anthu akuda ochokera ku zilumba za Caribbean, amene anayamba kubwera mwaunyinji sitima ya Empire Windrush itakocheza mu 1948. Eni nyumba ambiri ankawakana chifukwa cha khungu. Peter Rachman ankawalandira, koma pa lendi wokwera, m'zipinda zachinyezi, mabanja angapo akulimbirana mpope umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Mu 1958 magulu a anyamata achizungu anaukira anthuwa kwa masiku angapo. Komabe m'misewu yomweyo munabadwa chikondwerero cha Carnival, chimene chinayamba kuvinidwa poyera mu 1966.

Mu 1964 Ruth Glass, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu pa University College London, anaona kuti zinthu zayamba kutembenuka. Anthu ophunzira ndi opezako bwino anali kugula nyumba zakale m'madera a osauka, kuzikonza, ndi kulowamo okha. Iye anatcha mchitidwewu gentrification, ndipo anachenjeza kuti ukangoyamba sulekeza mpaka anthu akale a m'deralo atachokamo. Ogulawo sanali opusa. Nyumba zinali zotsika mtengo, pafupi ndi pakati pa mzinda, zipinda zake zotakasuka, ndiponso luso la amisiri akale silinali kupezeka m'nyumba zatsopano. Amene anagula nthawi imeneyo anasiyira ana awo chuma chosayembekezeka.

Koma nyumba yaikulu ili ngati ng'ombe, imadya tsiku lililonse. Makoma ake ndi a njerwa zokhazokha, opanda mpata wosunga kutentha, kotero m'nyengo yachisanu ndalama zambiri zimathera pa kufunditsa zipinda zimene simugona munthu. Denga likadontha, madzi amatsika nsanjika zonse. Popeza deralo ndi lotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, mwini nyumba sangasinthe kunja kwa nyumba yake mmene afunira. Ena atalephera kumanga m'mwamba anayamba kukumba pansi, kuikako maiwe osambiramo ndi zipinda zoonera kanema. Phokoso, fumbi ndi ming'alu ya m'makoma a anansi zinafika poti mu 2015 khonsolo ya Kensington and Chelsea inalamula kuti nyumba zambiri zisakumbidwe kupitirira nsanjika imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba imene inkasunga mabanja asanu lero imasunga banja limodzi, ndipo ina imakhala yamdima miyezi yambiri, mwini wake ali kunja kwa dziko. Kumapeto kwa Ogasiti, ng'oma za Carnival zikayandikira, eni ena amakhomera matabwa pamakomo nathawira kumudzi kapena kunyanja, kusiya adzukulu a alendi akale aja akuvina kutsogolo kwa nyumba zimene agogo awo ankagonamo.

Osauka amene anatsala m'deralo amakhala makamaka chakumpoto, m'nyumba za khonsolo. Imodzi mwa izo inali Grenfell Tower, ya nsanjika 24, mtunda woyenda pansi kuchokera ku nyumba zoyera zija. Inapsa pa 14 Juni 2017, ndipo anthu 72 anafa.