Loweruka M'mawa: Bulangete Kapena Njinga?

Anyamata a m'seminale akakhala pansi kucheza, makamaka Loweruka madzulo ntchito zamanja zikatha, nkhani sichedwa kufika kumudzi. Wina amakumbukira mbatata yootcha ya agogo ake, wina phala la mgaiwa lothira nsinjiro, winanso nkhunda zimene anasiyira mng'ono wake. Koma pali zinthu ziwiri zimene sizisowa pa macheza oterewa: kugona mpaka dzuwa litalowa pazenera popanda belu lokudzutsa, ndi njinga ya bambo ija yotsamira pakhonde. Ziwirizi zimalimbirana m'mawa umodzi womwewo, ndipo kawirikawiri ndi zimene zimayambanitsa mnyamata ndi makolo ake tchuthi chikangoyamba. Choncho ndi bwino kuti tizimvetse.

Tiyambe ndi tulo, pakuti ndi pamene pali mlandu. Mayi akaona kuti ana ena onse adzuka, pabwalo pasesedwa, koma mseminale wawo akadali m'bulangete, amadandaula kuti, "Kodi mwanayu kumeneko akumuphunzitsa ulesi?" Kunena zoona ulesi ulipo ndithu pakati pathu, koma si nkhani yonse. M'thupi mwa munthu muli ngati wotchi imene imamuuza nthawi yogona ndi yodzuka. Kunja kukada, kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo kamayamba kutulutsa timadzi totchedwa melatonin, ndipo ndi timeneti timabweretsa tulo. Mwana akamatha msinkhu, timadziti timayamba kutuluka mochedwerapo, mwina ndi ola limodzi kapena awiri. Ndiye chifukwa chake mnyamata wa Fomu 3 amatha kugona pabedi maso ali gwa pamene mng'ono wake wa Sitandade 4 anayamba kale kuliza mkonono. M'mawa zinthu zimatembenuka: wamng'ono uja wadzuka ali tsatsatsa, wamkulu mutu uli wolemera.

Mu 2016 bungwe la madokotala oona za tulo la American Academy of Sleep Medicine linalangiza kuti achinyamata a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Tsono tiwerengere. Amene wagona 10 koloko usiku n'kudzuka 5 koloko m'mawa wagona maola 7, ndipo watsala ndi ngongole ya ola limodzi. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ngongoleyo yafika maola 5. Thupi silikhululukira ngongole yotere, limadikira tsiku limene belu silidzalira kuti lidzaitanitse zake.

Vuto lake n'lakuti ngongole ya tulo sibwezedwa bwino pa tsiku limodzi. Chimene chimakonza wotchi ya m'thupi ija tsiku lililonse ndi kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso. Ukagona mpaka 10 koloko Loweruka, wotchiyo imasunthira kutsogolo. Usiku tulo sitibwera msanga, Lamulungu umadzuka movutikira, ndipo pofika Lolemba umakhala ngati munthu amene wangotsika ndege kuchokera kudziko lakutali kumene nthawi ndi yosiyana ndi yathu. Katswiri wina wa ku Munich, Till Roenneberg, pamodzi ndi anzake analemba za vuto limeneli mu 2006. Ine maganizo anga ndi awa: makolo amlole mnyamata apume mokwanira masiku awiri oyamba a tchuthi, osamunena. Zikatero, ola limodzi lowonjezera Loweruka ndi lokwanira, ndipo akadzuka atuluke panja dzuwa limuombe. Za foni imene imalowa nawo m'bulangete mpaka pakati pa usiku, imeneyo ndi ngongole yodzitengera dala.

Mwina ena sadziwa kuti Loweruka lopuma si chinthu chakale kwambiri. Kumunda kulibe Loweruka, pakuti mvula ndi udzu sizidziwa kalendala. Mayina a masiku athu amasonyeza kuti anabwera ndi ntchito yolembedwa: Lolemba ndi tsiku lolembedwa ntchito, Loweruka ndi tsiku loweruka. Ku Britain lamulo la mafakitale la mu 1850 linalamula kuti amayi ndi achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu aziweruka 2 koloko masana Loweruka, ndipo pang'onopang'ono ntchito zina zinatsatira. Ku America, Henry Ford anayamba kupatsa antchito a m'mafakitale ake a galimoto masiku awiri athunthu opuma mu 1926. Anthu atapeza maola aufulu amenewa, funso linali lakuti achite nawo chiyani. Ena anapita ku mpira. Ambiri anakwera njinga, imene inafika pa nthawi yake yeniyeni.

Njinga yoyamba inalibe mapedulo. Karl von Drais wa ku Germany anaipanga ndi matabwa mu 1817, ndipo woyendetsa ankakhala pamwamba n'kumakankha pansi ndi mapazi. Mapedulo anabwera ku Paris m'zaka za m'ma 1860, koma anali omangiriridwa pa gudumu lakutsogolo. Kupalasa kamodzi kunali kuzungulira kamodzi kwa gudumu, basi. Wofuna liwiro ankayenera kukulitsa gudumulo, mpaka ena anafika nalo pa mita imodzi ndi theka. Wokwera ankakhala pamwamba penipeni, ndipo akagunda mwala ankagwa chamutu. Amene anathetsa vutoli ndi John Kemp Starley wa ku Coventry, yemwe mu 1885 anatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya magudumu awiri ofanako kukula ndi tcheni choyendetsa gudumu lakumbuyo. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anabweretsa tayala lopopa mpweya, limene anayamba kuliyesa pa kanjinga ka mwana wake. Njinga zimene makolo athu ankanyadira, monga Humber ndi Raleigh, ndiponso Phoenix ya ku China ndi Hero ya ku India, zonsezi ndi zidzukulu za Rover.

Apa ndi pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa nzeru ya tcheni ndi masamu a Fomu 1 amene ambiri timawakwera osawaona. Tcheni chimalumikiza magiya awiri: lalikulu la pa mapedulo ndi laling'ono la pa gudumu lakumbuyo. Tiyerekeze kuti lalikulu lili ndi mano 44, laling'ono 18. Mukapalasa kamodzi, mano 44 adutsa, ndiye kuti giya laling'ono lazungulira 44 kugawa ndi 18, kumene kuli pafupifupi kawiri ndi theka. Gudumu la njinga wamba za mainchesi 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.2. Choncho kupalasa kamodzi kumakusunthani mamita pafupifupi 5.4. Mukamapalasa ka 60 pa mphindi, kumene sikuthamanga ayi, mukuyenda makilomita pafupifupi 20 pa ola. Woyenda pansi amayenda makilomita 5 pa ola. Ulendo wa maola anayi wasanduka wa ola limodzi, ndipo kulemera kwa thupi lanu kuli pa chishalo, osati pa miyendo.

Masamu omwewa ndi amene amatilanga pa chitunda. Giya limene limakoma pamalo osalala limafuna mphamvu zambiri pokwera, n'chifukwa chake timatsika n'kumakankha. Njinga zamagiya zili ndi magiya angapo kumbuyo. Mukasunthira tcheni pa la mano ambiri, kupalasa kumapepuka koma mtunda wa kupalasa kumodzi umachepa. Mphamvu siichokera kwina kulikonse, yangogawidwa m'timagawo ting'onoting'ono, monga munthu wotuta mchenga ndi chidebe chaching'ono maulendo ambiri. Mnyamata amene amakwera chitunda pa giya lolimba pofuna kuonetsa mphamvu akungopweteka mawondo ake.

Nanga n'chifukwa chiyani njinga sigwa ikamayenda, pamene ikaima imagwa? Yankho lalikulu lili pa mahandulo. Njinga ikayamba kupendekera kumanzere, gudumu lakutsogolo limakhotera pang'ono kumanzere komweko, ndipo magudumu amabwerera pansi pa thupi lanu. Izi zimachitika nthawi zonse, timakhotedwe ting'onoting'ono timene simutizindikira. Yang'anani mzere wa tayala pa mchenga, muona kuti sunawongoke. Kuphunzira njinga ndi kuphunzitsa manja kukhotera kumene ukugwera, pamene mantha akukuuza kuti uthawireko. Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsa kuti chinsinsi chonse ndi kuzungulira kwa magudumu, monga nguli imaimirira ikamazungulira. Koma mu 2011 akatswiri a ku yunivesite ya Delft ku Netherlands ndi anzawo a ku America anapanga kanjinga kamene mphamvu imeneyi anaichotsa, ndipo kanayendabe kokha osagwa. Anapeza kuti mmene kulemera kwagawikira pa njinga, makamaka kutsogolo, nakonso kumathandiza mahandulo kukhota okha.

Kwathu kuno njinga ndi ya ntchito. Imanyamula chimanga kupita kuchigayo, matumba a makala, wodwala kupita kuchipatala, katekisiti kupita ku nthambi yakutali, ndipo a kabaza amadyetsa nayo mabanja. Choncho mnyamata akatenga njinga Loweruka m'mawa, akafunsidwa kumene akupita n'kuyankha kuti, "Ndikungoyenda," akuluakulu amadabwa. Komatu kungoyendako kuli ndi phindu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku. Ola limodzi pa njinga m'mawa limakwaniritsa zimenezi, limakupatsanso kuwala kuja kumene wotchi ya m'thupi ikufuna, ndipo ukabwerera phala lija limakoma kuposa ukanalidyera pabedi. Ku Italy anthu amakonda njinga kotero kuti mu 1949 Papa Pius XII analengeza Amayi Maria a ku Ghisallo, katchalitchi ka paphiri pafupi ndi nyanja ya Como, kukhala nkhoswe ya opalasa njinga. M'kati mwake mwapachikidwa njinga za akatswiri a mpikisano.

Koma njinga imene ili pakhonde ija ndi chuma cha banja, ndipo Lolemba iyenera kugwira ntchito. Pemphani kaye, ndipo musananyamuke finyani matayala. Tayala lopanda mpweya wokwanira limalemeretsa njinga, ndipo likagunda mwala limu imatsina chubu n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana. Tcheni chouma chimafuna kadontho ka oilo, osati kuthira mpaka fumbi limatirire. Chishalo chikhale pamene bondo lipindika pang'ono chabe phazi likafika pansi pa pedulo.

Koposa zonse yesani mabuleki onse awiri. Pa limu yachitsulo yonyowa mabuleki amachedwa kwambiri kugwira, choncho nthawi ya dzinja yambani kumanga mukadali patali. Pa mitsetse yaitali ngati wa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena msewu wotsika phiri la Zomba, musalole liwiro likule kuti mudzamange kumapeto. Gwirani n'kusiya, gwirani n'kusiya, ndipo buleki yakutsogolo musaikoke mwadzidzidzi. Pa msewu wa tala yendani kumanzere, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, osati mondondozana m'mbali n'kumacheza. Ngati njinga ilibe nyali kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, werengerani ulendo wanu kuti dzuwa likamalowa mukhale mutaibweza kale pakhonde.