Alendo a pa Zombo ndi Miyala Yolembedwa ya ku Mphunzi

Chaka ndi chaka, pamene mvula yoyamba igwa ndipo anthu kuno ali pa kalikiliki wa kubzala, pa doko la Durban ku South Africa pamanyamuka zombo zikuluzikulu zimene sizisenza katundu wa malonda, koma anthu ongofuna kupumula ndi kuona maiko. Zombozi zimaloza kumpoto, nizikaima ku gombe la Mozambique, monga pa kachilumba ka Portuguese Island pafupi ndi Maputo, ndiponso pa Pomene. Anthu amatsika mmawa, nasewera pamchenga, nagula tizinthu ta chikumbutso, ndipo dzuwa lisanalowe onse amakhala atabwerera m'chombo. Malonda amenewa akula ndithu, kotero kuti mu November 2023 ku Durban anatsegula nyumba yatsopano yolandiriramo alendo otere, naitcha dzina la Nelson Mandela.

Dziko la Malawi lilibe nyanja yamchere, ndipo zombo zimenezo sizidzafika kuno. Komabe nkhaniyi ikhudza dziko lino, pakuti nalonso lili ndi nyanja yake, sitima yake ndi madoko ake, ndiponso lili ndi zinthu za mtengo wapatali zimene zili kumtunda, kutali ndi gombe. Chimodzi mwa izo ndi zojambula za makolo pa miyala ya phiri la Mphunzi m'boma la Dedza. Tsono funso limene madoko a pa dziko lonse alimbana nalo liyeneranso kufunsidwa kuno: kodi mlendo wotsika m'chombo amasiya chiyani pamtunda?

Kumene ndalama imatsalira

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mawu amenewa amuyenera kwambiri mlendo wa pa chombo. Chombo chimafika pa doko mbandakucha, nichichoka madzulo a tsiku lomwelo. Munthuyo analipira kale malo ogona ndi chakudya chonse kwa eni chombo asananyamuke kwawo, chifukwa chake safuna hotela pamtunda, ndipo kawirikawiri amabwerera kukadya m'chombo momwemo.

Ngakhale maulendo okaona malo pamtunda amagulitsidwa m'chombo. Eni chombo amapangana ndi kampani ina ya pa dokopo kuti ikonze mabasi ndi otsogolera alendo, iwo natengapo gawo lawo pa mtengo umene mlendo walipira. Alendo ambiri amakonda maulendo amenewa koposa kudziyendera okha, chifukwa chombo chimadikira basi yake ikachedwa, koma sichidikira munthu amene anapita yekha. Kotero munthu wa bwato, wosema ziboliboli ndi mayi wogulitsa zipatso, amene sali m'panganolo, amangoona mabasi akudutsa. Boma limalandira msonkho wa pa doko, kampani imalandira gawo lake, koma mudzi umene alendo adzaona ukhoza kutsala ndi fumbi lokha.

Vuto lina ndi kuchuluka kwa anthu pa nthawi imodzi. Chombo chotchedwa Icon of the Seas, chimene chinayamba kuyenda mu January 2024, ndi chotalika mamita 365 ndipo chikhoza kunyamula alendo 7,600. Khamu lotere likatsikira pa mzinda waung'ono, misewu imadzaza, ndipo malo akale amapondedwa mopyola muyeso. Ku Venice, m'dziko la Italy, anthu anadandaula kwa zaka zambiri kuti mafunde a zombo zazikulu akugwedeza maziko a nyumba zakale. Bungwe la UNESCO litachenjeza kuti likhoza kuika mzindawo pa mndandanda wa malo amene ali pangozi, boma la Italy linaletsa zombo zopitirira matani 25,000 kudutsa pakati pa mzindawo kuyambira pa 1 August 2021. Walira mvula walira matope: amene afuna alendo ayenera kudziwiratu za zimene zimadza nawo pamodzi.

Sitima ya pa nyanja ya Malawi

Chombo chimene anthu a dziko lino amachidziwa bwino ndi Ilala. Chinapangidwa ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi Glasgow ku Scotland m'chaka cha 1949, chinabwera m'zidutswa kudzera pa doko la Beira ndi pa njanje, ndipo chinayamba ntchito pa nyanja m'chaka cha 1951. Chinadza patapita zaka zowerengeka kuchokera pamene sitima ya Vipya inamira pafupi ndi Chilumba pa 30 July 1946, nkupha anthu 145. Dzina lake analitenga kwa kasitima koyamba ka amishoni a ku Scotland, kamene anthu mazanamazana anakasenza pamutu m'zidutswa polambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo kanalowa m'nyanja mu October 1875. Ilala ndi dzina la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalira m'chaka cha 1873.

Kutalika kwa Ilala ndi mamita 52, kotero kuti zitafunika zisanu ndi ziwiri zotere, zondondozana, kuti zilingane ndi chombo chachikulu chija. Ndiponso sinapangidwire anthu osewera. Kwa zaka zambiri ulendo wake wakhala wochokera ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba ndi kubwerera m'sabata imodzi, kuima pa Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Imanyamula matumba a chimanga ndi usipa, malata, simenti, ana a sukulu ndi odwala, ndipo kwa anthu a pa zilumba ndi a m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a kumpoto yakhala ngati msewu wawo waukulu. Koma pamwamba pake pali zipinda zowerengeka zogonamo, ndipo alendo a maiko akutali akhala akukweramo pofuna kuona nyanja.

Alendo amenewa amatsika pa madoko monga momwe amachitira anzawo a ku nyanja yamchere, kungoti iwo ndi ochepa ndipo palibe kampani imene yawagulitsiratu ulendo. Sitima ikaponya nangula pa Likoma kwa maola angapo, ena amakwera kukaona tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene anayamba kumanga m'chaka cha 1903. Pa Nkhata Bay amalowa mumsika. Ndalama imene amatulutsa ndi yochepa, koma imagwera m'manja mwa eni dera. Apa kuchepa kwa sitimayi kwasanduka mwayi, pakuti dziko lino likhoza kukonza dongosolo lake khamu lisanafike.

Kuchokera ku gombe kukwera ku mapiri

Malo a dziko lino amene UNESCO inawalemba pa mndandanda wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi alipo atatu: malo otetezedwa a pa nyanja ku Cape Maclear, olembedwa m'chaka cha 1984, miyala yolembedwa ya Chongoni ku Dedza, mu 2006, ndi phiri la Mulanje, mu 2025. Awiri oyambawo alumikizidwa ndi msewu umodzi. Wochoka ku Monkey Bay amadutsa m'chigwa kufika pa Golomoti, pomwe ali pafupi ndi mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902. Pamenepo pali malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976, ndipo m'nyumba yake yosungiramo zakale muli zigoba za gule wamkulu mazana angapo. Kuchoka apo msewu umakwera mokhotakhota pa chitunda cha Golomoti, kuchokera ku nyanja imene ili mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, kukafika ku tauni ya Dedza pa mamita pafupifupi 1,600. Munthu amene ananyamuka ku gombe akutuluka thukuta amafika kumeneko akufuna chofunda.

Phiri la Mphunzi lili kupitirira tauniyo, chakumadzulo kwa msewu waukulu wopita ku Lilongwe, ndipo njira zokafika patsinde pake ndi zafumbi. Ulendo wonse ndi wa maola angapo. Munthu amene sitima ikumuyembekeza sangapite ndi kubwerera mwamtendere tsiku limodzi. Ena angaone ichi ngati tsoka la Mphunzi, koma kunena zoona ndicho chitetezo chake ndi phindu lake. Mlendo wofuna kufika kumeneko ayenera kusiyana ndi sitima, nagona pamtunda, nadya nsima ya kumeneko, nalipira galimoto ndi womutsogolera. Usiku umodzi wogona ku Dedza usiya zambiri m'bomalo koposa basi yodzaza ndi anthu oima mphindi makumi awiri.

Zimene zili pa miyala

M'dera la Chongoni, limene kukula kwake ndi masikweya kilomita 126, akatswiri anawerenga malo 127 okhala ndi zojambula. Mwa malo amene alendo amafikako kawirikawiri muli Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambulazo zili za mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale koposa: mizere yondondozana, mabwalo ozungulira, ena okhala ndi mizere yotuluka ngati kuwala kwa dzuwa. Izi amati anajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi otola zipatso amene anakhala m'mapiri amenewa Achewa asanafike, nakhalabe nawo moyandikana kwa nthawi yaitali. Katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pa phanga la Chencherere mu 1972, napeza zipangizo zawo zamiyala.

Zoyera zinapakidwa ndi chala, ndi dothi loyera, ndipo ndi za Achewa eni ake, amene anapitiriza kujambula kufikira m'zaka za m'ma 1900. Zina zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo, monga buluzi kapena chikopa choyanika, ndipo zikhudza chinamwali cha atsikana, pamene anamkungwi ankalangiza anamwali kumalo obisika. Zina ndi zilombo za Nyau. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa Chongoni ndi malo ena ambiri a mtundu umenewu: zidzukulu za ojambulawo zikali pompo, ndipo miyambo imene zojambulazo zinatumikira siinafe. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, akuvinidwabe m'midzi yozungulira phirilo.

Chifukwa cha ichi, wotsogolera alendo pa Mphunzi asenza udindo wolemera. Mlendo amene walipira amafuna kuuzidwa tanthauzo la chojambula chilichonse, koma zina mwa izo ndi za kudambwe ndi za kutsimba, zosayenera kuululidwa kwa osavinidwa. Wotsogolera wosaphunzitsidwa adzachita chimodzi mwa ziwiri: adzaulula zimene si zake kuti apatsidwe kangachepe, kapena adzapeka nthano yokoma m'makutu, imene mlendoyo adzakailemba kwawo ngati mbiri yoona ya Achewa. Malire a zonenedwa ndi zosanenedwa ayenera kuikidwa ndi mafumu ndi anamkungwi a deralo pamodzi ndi a Boma oyang'anira zinthu zakale.

Miyala nayonso siilimba monga momwe iwonekera. Dothi loyera limasupuka likakhudzidwa ndi manja. Kuthira madzi pa chojambula kuti chioneke bwino pa chithunzi kumachifafaniza pang'onopang'ono. Utsi wa moto wosonkhedwa m'phanga umadetsa mwala, ndipo mitengo ikadulidwa pa phiri, dzuwa ndi mvula zimafika pamene kale panali mthunzi. Chowononga china chodziwika bwino ndi maina olembedwa ndi makala kapena choko pamwamba pa zojambula, ndipo olembawo nthawi zambiri si ochokera kutsidya kwa nyanja, koma ana a kuno komwe. Chimene chafafanizika sichibwerera, pakuti Akafula kulibenso kuti adzajambule china.

Ntchito ya aphunzitsi ndi a m'maofesi

Zofunika kuchita si zodula. Choyamba, nthawi ya kufika ndi kunyamuka kwa sitima idziwike ndi kusungika, pakuti palibe munthu angapangane ndi galimoto pa Monkey Bay kapena chipinda ku Dedza ngati sadziwa tsiku limene adzaponda pamtunda. Chachiwiri, a zamtengatenga, a zokopa alendo, a zankhalango ndi a khonsolo ya Dedza aone nyanja, Mua ndi Chongoni ngati ulendo umodzi, osati ofesi iliyonse ndi kagawo kake. Chachitatu, chiwerengero cha anthu olowa pa phanga nthawi imodzi chikhale ndi malire, ndipo malirewo aikidwe tsopano alendo akali ochepa, chifukwa ku Venice lamulo linadza mochedwa, mkangano utakula kale. Chachinayi, ndalama yolipira pa malowo ikhale ndi lisiti, ndipo gawo lopita kumudzi lidziwike poyera, kuti mwini munda wa patsinde pa phiri aone chifukwa chosiyira mtengo uli chiimire.

Gawo la aphunzitsi ndi lalikulu koposa. Sukulu za ku Dedza, Ntcheu, Salima ndi Lilongwe zili pafupi ndi buku la mbiri limene silinasindikizidwe pa makina. Mphunzitsi amene atengera ana ake ku Mphunzi, nawaimiritsa patali pang'ono ndi mwala, nawafotokozera kusiyana kwa zofiira ndi zoyera, wachotsa makala m'manja mwa ana makumi asanu. Mwa ana omwewo ndimo mudzatuluka otsogolera alendo, alonda a nkhalango ndi alembi a khonsolo a mawa.

Sitima idzapitiriza kufika ndi kuchoka, ndipo tsiku lina Ilala idzapuma, ina nkulowa m'malo mwake, mwina yokulirapo ndi yonyamula alendo ambiri. Pofika tsiku limenelo, anthu a ku Mphunzi ayenera kukhala atadziwa kale kuti pa phanga pakwera anthu angati, wolankhula ndani, ndipo ndalama ikupita m'thumba la yani.