Peugeot 404 ya Agogo ku Nsaru

Tili pa ulendo wa ku Nsaru, tidaona Peugeot 404 itaima patsinde pa mtengo wa mango, eni ake, agogo a imvi, akuipukuta. Galimoto za mtundu umenewu zidayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1960, ndipo zidapambana mpikisano wa East African Safari kanayi: 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Misewu ya fumbi ndi matope sinkaziopsa konse.

Lero zipangizo zake nzosowa. Ana akuti igulitsidwe kwa ogula zitsulo kuti mdzukulu apeze ndalama za sukulu, ndipo ife sitingawadzudzule. Koma agogowo adatiuza kuti galimotoyi ndiyo idanyamula malemu akazi awo pa tsiku la ukwati. Pamene tinkatsazika, banjalo lidali lisanagwirizane chimodzi.