Land Rover Yakale ndi Injini Yacilendo: Nchito Siithera pa Kulira kwa Injini

Pakati pa magalimoto onse amene anayenda m'dziko muno m'masiku a Boma la atsamunda ndi m'zaka zoyamba za ufulu, palibe ina imene yakana kufa monga Land Rover. Abwana a DC anayendamo, apolisi, alangizi a zaulimi ndi oyendera sukulu anayendamo, ndipo itakalamba inagulitsidwa kwa anthu wamba. Kufikira lero munthu woyenda mseu wa M5, wa m'mbali mwa nyanja, kupyola pa Kande ndi pa Chintheche, akhoza kuona ina iri ciimire pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala. Ndipo si cacilendo kumva kuti mphunzitsi wopuma kapena kalaliki wa Boma wagula yotere ndi ndalama zace za penshoni, nati aimangenso, aikemo injini ina ya dizilo, kuti izinyamula usipa, cinangwa ndi anthu.

Ambiri a eni magalimoto otere ayesa kuti nchito yatha tsiku limene injini yalira koyamba. Tsiku lomwelo alipira mmisiri ndalama zotsala, naitana abale kudzakwera. Koma m'boma la Nkhata Bay, kumene mseu wocoka kunyanja uyamba ndi citunda ndipo wobwerera utha ndi matsitso, kulira kwa injini kuli ciyambi cabe ca nchito yotsiriza, pakuti zolakwa zimene zipha anthu zibisala m'zinthu zotsalazo, zimene mwini sazimva ndi makutu.

Thupi losacita dzimbiri, mafupa obvunda

Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam pa 30 April 1948. Kampani ya Rover, ya ku Solihull ku Mangalande, inaipanga pa nthawi imene citsulo cinali cosowa cifukwa ca nkhondo, cotero thupi lace linapangidwa ndi aluminium, amene sacita dzimbiri monga citsulo. Mtundu wa Series II unaturuka m'1958, wa Series IIA m'1961, ndi wa Series III m'1971, umene unapangidwa kufikira 1985. Zigawo zace zambiri zigwirana ndi mabauti, kotero kuti amuna awiri okhala ndi jeke ndi masipanala akhoza kuiphwasula yonse pabwalo. Ici ndico cifukwa cace amisiri a kumidzi aikonda.

Koma thupi lokongolalo linyenga. Pansi pace pali chassis, ndiyo mafupa a galimoto, ndipo imeneyo ndi yacitsulo cobowoka m'kati, mmene matope alowa nakhala osauma. Nkhata Bay ndi limodzi la maboma a mvula yambiri m'Malaŵi, ndipo galimoto yokhala zaka khumi pa udzu wa cinyezi ibvunda coyamba pa citsulo copingasa ca kumbuyo, pa mikono yonyamula thupi, ndi pansi pamene dalaivala aponda. Mmisiri woona ayamba wagogoda chassis yonse ndi nyundo: citsulo cabwino cilira, cobvunda ciyankha ngati mtengo wofumbwa. Kuwocherera konse kuyenera kutha thupi lisanabwezedwe, cifukwa likakhala pamwamba malo ambiri safikikanso.

Anthu a kunyanja ali nayo mbiri imene isonyeza bvuto la kumanga cinthu cophwasulidwa. Sitima ya Chauncy Maples, ya mishoni ya UMCA, inapangidwa ku Glasgow niphwasulidwa m'zidutswa 3,481, ciri conse ndi nambala yace. Koma pozikuta ndi zinc kuti zisacite dzimbiri nambalazo zinakwiririka, ndipo amisiri anatha zaka ziwiri ali kuyesa cidutswa ici ndi ico, kufikira sitimayo inalowa m'madzi pa 6 June 1901. Galimoto yokhala miyezi yambiri iri yophwasulidwa, mabauti ace onse atathiridwa m'citini cimodzi, iri ndi bvuto lomwelo, ndi linanso loposa. Mabauti a Land Rover yakale sali a mtundu umodzi: ena ali a muyeso wakale wa Angerezi wa BSF, ena a UNF, ndipo a injini yatsopano ali a mamilimita. Nati ya mtundu wina ilowa kawiri kapena katatu, nilimba ngati yamanga, pamene yangodya mizere ya bauti. Pa citseko colakwa cotere cingosokosa. Pa zitsulo za ciongolero cidikira mseu wa mabampu.

Injini yacilendo

Injini ya dizilo imene Land Rover inabadwa nayo kuyambira 1961 inali ya 2,286 cc, ya 62 horsepower, yopirira koma yaulesi pa citunda. Cifukwa cace eni ambiri afuna kuikamo ina, kapena ya 200Tdi yocokera mu Defender ya m'ma 1990, imene iri ya 107 horsepower, kapena ya galimoto ya ku Japan yogwa pa ngozi. Injini yosabadwira m'menemo ifuna miyendo yatsopano, ndipo kawirikawiri ifunanso mbale yacitsulo yoilumikiza ndi giyabokosi. Ikakhala yopendeka pang'ono pokha, kilachi inthunthumira poyamba ulendo ndipo magiya akana kulowa. Mmisiri wofulumira anena kuti zidzazolowerana, koma zitsulo ziwiri zosayang'anana bwino zingodyana. Tsono giyabokosi ndi zitsulo zozunguza matayala a kumbuyo, zimene amisiri azicha ma half shaft, zinayesedwera mphamvu yocepa ija. Dalaivala wosiya kilachi mwaukali pa citunda, galimoto itadzala matumba, amva "pha!" kumbuyo, injini iri kulira bwino lomwe ndi galimoto yosasuntha.

Zobvuta za tsiku loyamba kulitsa injini ziri zodziwika, ndipo zambiri ziri zazing'ono. Dizilo sakoka ngati m'mapaipi muli mpweya, cotero auturutsa kuyambira pa sefa kufikira pa ma injector. Sitata yozungulira mwaulesi, batire iri yatsopano, kawirikawiri isonyeza kuti waya waukuru wa pansi, wolumikiza injini ndi chassis, waiwalika kapena wamangidwa pa penti watsopano. Magetsi pofuna njira ina apyola m'kawaya kali konse kamene apeza, nakatentha. Ndipo pali msampha wa magalimoto opangidwa cisanafike caka ca 1967, amene mbali ya + ya batire ndiyo inali kumangidwa ku chassis. Injini za masiku ano zifuna mbali ya − kumeneko. Wolumikiza monga mwa kale aocha alternator m'kamphindi.

Kutentha ndiko kudza pambuyo, ndipo sikuoneka pabwalo. Nyanja iri pa mamita 474 pamwamba pa nyanja ya mcere, pamene Mzuzu ali pa mamita ngati 1,250, cotero galimoto yocoka pa Nkhata Bay kupyola pa Mpamba ikwera mamita oposa 700 m'makilomita osakwana 50. Injini yacilendo imene cipupizira cace cakhala kutari ndi redieta, kapena imene paipi yace ya madzi yakwera pamwamba nisunga mpweya, iyenda bwino kuyambira pa Kande kufikira pa Chintheche, niwira pakati pa citunda. Mankhwala a amisiri ambiri ndiwo kucotsa thermostat ndi kuitaya. Kutero kungobisa nthenda, ndipo injini yoyenda yozizira m'mamawa a ku Mzuzu itha msanga.

Ngakhale iye wosunga injini yakale ya petulo ali ndi zace. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol wocokera ku nzimbe, petulo wa m'Malaŵi wakhala wosanganiza, ndipo ethanol afewetsa mapaipi akale a mphira, nasukulutsa litsiro la m'thanki limene lipita kukatseka kabureta. Ndiponso kuyambira 2006 maiko a kuno analeka petulo wa mtobvu, umene unali kuteteza pokhala ma valve m'mutu wa injini zakale. Zina zonse ziri monga kale: mapulagi aturutsa moto mwa dongosolo la 1-3-4-2, ndipo mpata wa ma tappet uli 0.010 ya inchi.

Mabuleki ndi matsitso a ku Usisya

Mseu wa ku Usisya, wocoka ku Mzuzu kudzera ku Bula, utsika phiri kufikira kunyanja ndi makhota akuthwa, ndipo m'dzinja ubvuta kotero kuti kwa zaka zambiri anthu a kumeneko adalira mabwato ndi sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda m'1951. Mseu wotere ndiwo ufuna Land Rover, ndipo ndiwonso uulula nchito yace yonse.

Mabuleki a Series ali a ng'oma pa matayala onse anai, a mainchi 10 pa galimoto yaifupi ndi 11 pa yaitari ija ya 109. Anayesedwera galimoto yoyenda pang'ono. Mwini woikamo injini ya mphamvu pafupifupi kawiri, nasiya mabuleki monga anali, waonjeza liwiro ndi katundu osaonjeza coimitsa. Ng'oma ikatentha pa matsitso atari ikula nitalikira nsapato zace, ndipo phazi lipita pansi, pansi, galimoto osamva. Mafuta a mabuleki nawonso amwa cinyezi ca mu mpweya pakupita kwa zaka, ndipo mafuta okhala ndi madzi awira msanga, nasanduka nthunzi imene iphwanyika pansi pa phazi monga thonje. Magalimoto ambiri akale ali ndi njira imodzi yokha ya mafutawo, kotero kuti kapaipi kamodzi kadzimbiri kakaphulika matayala onse anai ataya mabuleki pamodzi. Mapaipi acitsulo ndi a mphira omwe ayenera kukhala atsopano, ngakhale akale aoneka abwino kunja.

Pali colakwa cina cimene cidza ndi kusintha injini kumene, ndipo ndico cobisika koposa. Magalimoto ena a Series III ali ndi servo, cothandiza phazi la dalaivala, cimene cigwira nchito ndi mpweya wokokedwa ndi injini ya petulo. Injini ya dizilo siikoka mpweya motero, ndipo ifuna kapampu kace kapadera. Mmisiri woiwala kulumikiza kapampuko apereka galimoto imene iima bwino pabwalo iri yopanda kanthu, koma pa phiri, itanyamula anthu khumi, buleki iuma ngati mwala. Kuyesa kwace kuli kwapafupi: injini iri yozima, munthu aponde buleki kangapo, nasiye phazi pomwepo, nalitse injini, phazi likatsika pang'ono servo iri moyo, likapanda kutsika iri yakufa.

Kuturutsa mpweya m'mabuleki a kutsogolo a 109 ndi nchito yoyesa cipiriro, pakuti tayala liri lonse liri ndi masilinda awiri ndipo mpweya ubisala pakati pao. Amisiri ambiri atopa, nauza mwini kuti azipopa kawiri asanaime. Galimoto yofuna kupopa kawiri siinathe kukonzedwa, ndipo pa khota la ku Usisya nthawi ya kupopa kaciwiri siikhalapo. Buleki ya dzanja siyenera kuyesedwa cipulumutso, cifukwa pa Land Rover igwira citsulo coturuka m'giyabokosi, ndipo inapangidwira galimoto yoima kale. Cipulumutso ceni ceni ciri m'dzanja la dalaivala asanayambe kutsika: kuima pamwamba, kukoka ndodo yofiira ya magiya a pansi, ndi kulola injini kugwira galimoto. Ndodoyo iyenera kuyesedwa pabwalo kuti ilowa ndi kukhazikika, pakuti pobweza thupi ndi mphasa za pansi nthawi zina ikanikizidwa nituruka yokha.

Ulendo woyesa ndi zikalata

Ulendo woyamba ukhale waufupi, wa pa cidikha, wopanda okwera, mmisiri ali pambali pa dalaivala. Pobwera aike dzanja pa tayala liri lonse, pakuti lotentha kuposa anzace liri ndi buleki yogwira kapena bearing yomangitsa; ayang'ane pansi ngati padontha oilo, madzi kapena mafuta; amangenso manati a matayala ndi mabauti ogwira masipuling'i, amene amasuka galimoto ikayamba kunyamula kulemera kwace. Waciwiri ndiwo wa citunda ca ku Mzuzu, ndi matumba a mcenga m'malo mwa anthu. Mwini wanzeru asunga gawo la malipiro kufikira ulendo umenewo utatha, ndipo mmisiri wodziwa nchito yace sakana pangano lotere.

Catsala ndico ca Boma. Pansi pa lamulo la Road Traffic Act la 1997, galimoto iri yonse ilembedwa m'kaundula, ndipo nambala ya chassis ndi ya injini ziri pa zikalata zace. Wosintha injini asunge kalata yosonyeza kumene anaigula, napite nayo ku ofesi ya Road Traffic ya ku Mzuzu kuti nambala yatsopano ilembedwe ndi kuti galimoto iyesedwe nilandire COF. A inshuwaransi nawonso auzidwe za injiniyo polembetsa, cifukwa galimoto imene zikalata zace zinena petulo, pamene pansi pa boneti pali dizilo wa nambala ina, ipatsa kampani cifukwa cokanira kulipira tsiku la ngozi, ndipo mlandu wa obvulala ugwera mwini yekha ndi penshoni yace.